Mpando Umene Unkapuma

Chilape changa nachi, koma musathamangire kuyankha. Chimapuma, mphuno chilibe. Chimakumbatira, manja chilibe. Msana umene chauzolowera sichiuiwala, ngakhale mwini msanayo atagona kumsitu wa manda. Mwagonja? Ng'ombe yanu sungani, sindiifuna. Ingosenderani kuno. Yankho lake ndi lalitali, ndipo limadzera pakhomo pa mayi wina wotchedwa Nachanza.

Nachanza anakwatiwa ndi Yotamu Mlauzi, kumtunda kwa Ntcheu, kumene nyengo yachisanu chifunga chimameza mapiri n'kuwalavula masana. Yotamu sanali munthu wa mawu okoma. Chikondi chake chinali m'dzanja. Akamudutsa mkazi wake, kaya pamtondo kaya pakhomo, ankangomuika chikhatho pakati pa mapewa, kamphindi chabe, n'kupitirira. Nachanza ankachidziwa chikhatho chimenecho kuposa nkhope yake ya pagalasi.

Yotamu anali ndi mkulu wake, a Elifala, ogula ndi kugulitsa mbatata ya kachewere. Ntchitoyo anaiyamba ali mnyamata, akusenza matumba pamsika wa Tsangano, ndipo matumbawo anawasiyira mphatso ya msana wopindikira kumanzere. Ankayenda dzanja lili pachiuno, ngati munthu wogwirizira chinthu kuti chisagwe. Asanalankhule ankatsokomola kawiri, khe, khe. Kumene adutsa kunkatsala fungo la mafuta a bulugamu amene ankapaka pamsana. Iwo ankamutcha Nachanza mlamu wa mchere wochepa, chifukwa tsiku loyamba kuwaphikira, ndi manyazi a ukwati watsopano, anaiwala kuthira mchere m'ndiwo. Zaka zinapita, koma nthabwala imeneyo sinamere imvi.

Malonda atakula, a Elifala anaitanitsa galimoto yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan, yotuwa ngati phulusa la m'mawa. Obwera kudzaiona ena ankayamikira matayala, ena wailesi. Eni ake mtima unagwa pa mpando. M'mbali mwa mpando wa dalaivala munali kabatani. Ukakadina chakutsogolo, mpandowo unkalira chamumtima, mmmm, ndipo chotsamira chinkatupa pang'onopang'ono mpaka kudzaza mphako ya m'chiuno. Ukakadina chakumbuyo, fyuuu, chinkaphwa.

"Uyu ndiye mkazi wanga wachiwiri," ankatero a Elifala, akusisita mpandowo pamaso pa akazi awo, Nashawa. "Amandigwira pomwe pakuwawa, ndipo safunsa kumene ndaswera."

"Azikuphikiraninso yemweyo," Nashawa ankayankha. "Tione ngati simuwonda."

Tsiku lina lozizira, a Elifala akuchokera ku Lizulu anaimika galimoto pansi pa mibulugamu ya m'mbali mwa msewu. Odutsa ankati akupumula. Dzuwa linakwera, linapendeka, galimoto ili pomwepo. Amayi ena ogulitsa kabichi ndiwo anakasuzumira. Mawindo onse anali otseka. Mutu wa a Elifala unali chagada, pakamwa pali yasa, ndipo dzanja lamanja linali lolendewera m'mbali mwa mpando, chala chili pa kabatani kaja.

Achipatala anati ndi mtima. Thupi linachoka kuchipatala pa lole ya mpingo, ulendo wa kumudzi kuseri kwa phiri. Koma galimoto sinatsatire mwini wake. Usiku wa maliro usanathe n'komwe, Yotamu anali atakaitenga kale, ati kuopa kuti akuba angaiphwasule, n'kudzaiimika pakhomo pake. Tsiku lometa litafika, pamene abale onse ankapereka mitu ku lumo kuti maliro achoke pathupi, Yotamu anati ali ndi ulendo wa ku Balaka. Anabwerako tsitsi lake lili lonse.

"Bambo," anatero Nachanza, mutu wake wometa ataufunda mpango, "chinthu cha malemu sachigwira asanamete. Ngakhale khasu lenilenili."

"Khasu lilibe batire. Galimoto ikangokhala, batire imafa. Ndikuwasungira."

"Mukusungira ndani? Akazi awo alipo, ana alipo."

"Nashawa amadziwa kuyendetsa? Iwe, ndipatse madzi osamba."

Zinayamba ndi nkhuku. Nkhuku za pakhomopo zinkakonda kubisala pansi pa chilichonse, ngolo, nkhokwe, ngakhale wilibala. Pansi pa galimoto yotuwa sizinapiteko. Zikafika pamene pathera mthunzi wake zinkakhota, ngati pali mpanda.

Kenako galu. Anali galu wakuda dzina lake Adzatopa, amene kale a Elifala akabwera kudzacheza ankawathamangira chifukwa ankamutayira mitu ya usipa. Tsopano Yotamu akafika n'kutsika, galuyo ankamulambalala mbuye wake. Ankakaima pachitseko cha dalaivala, n'kumagwedezera mchira mpando wopanda munthu.

Lumo la Yotamu linasowa pawindo pamene linkakhala. Anafuna m'nyumba monse, anakalipa, anagula lina. Nalonso linasowa. Kenako kunasowa kachitini ka mchere kukhitchini. Nachanza anasesa, anavundukula mitsuko, anafunsa kwa anansi. Anakakapeza mkucha wake, atasuzumira pawindo la galimoto yokhoma. Kanali pa mpando wa dalaivala, kataima bwinobwino pakati penipeni, ngati munthu wakaika dala kuti akaone.

Sanauze munthu. Anadikira Yotamu atsegule, anakatenga, n'kukataya mcherewo kudzala.

Tsiku lina masana, akuyanika ufa pamphasa, anamva kulira kuja. Yotamu anali m'nyumba, akugona tulo ta masana, makiyi ali m'thumba la buluku lake. Bwalo linali zii. Ndiye, mmmm. Kulira kwa chamumtima, kwa munthu wokhuta amene wapeza potsamira. Nachanza anaimirira, ufa uli m'manja. Anayandikira mwakachetechete. Kudzera pagalasi anaona chotsamira chikutupa, osati pakati monga chiyenera, koma chakumanzere. Anadikira kuti amve fyuuu. Sanamve. Mpandowo unkakoka, koma sunkabweza.

Masiku omwewo Yotamu anayamba kudandaula.

"Mpando uwu ukundikankha. Ndikadina kuti uphwe, ukukana."

"Ndiye bwanji osausiya?"

"Uzolowera. Ngakhale nsapato imayamba yaluma."

Koma si mpando umene unazolowera. Nachanza ankaona mwamuna wake akutsika m'galimoto tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lililonse phewa lamanzere linkatsikirako pang'ono. Malaya anayamba kumukhala mokhota. M'mawa wina, akuyang'ana mbuzi m'khola, anaika dzanja pachiuno osadziwa. Asanaitane mkazi wake anatsokomola. Khe. Kamodzi kokha. Nachanza anagwetsa chikho. Ndipo anazindikira kuti padutsa masiku ambiri chikhatho chija chisanafike pakati pa mapewa ake, chifukwa dzanjalo tsopano linali ndi ntchito ina.

Lachitatu lina anakwera naye kupita kumsika wa Lizulu. Kunja kunali kutacha kalekale koma chifunga chinali chisanatuluke m'msewu. Pamtunda wina anaona mkulu wachikulire ataima m'mbali, mtolo wa mipini uli paphewa, akukweza dzanja. Sanali wa kumeneko. Yotamu anaima.

"Lowani kumbuyoko, madala."

Mkuluyo anatsegula chitseko, anaika phazi limodzi, n'kuima. Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali. Kenako anabweza phazi lija, anavula chipewa, anatula mipini pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani akuluakulu, sindinakuoneni. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, tadzuka," anatero Yotamu. "Lowani, tachedwa."

"Sindikunena iwe." Mkuluyo anamuyang'ana ndi diso lonyansidwa. "Mwana iwe unaleredwa kuti? Munthu wa ndevu zako kukhala pamiyendo pa mkulu wako?"

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, monga atsekera chipinda cha wodwala, anasenza mipini yake, ndipo chifunga chinamulandira.

Yotamu anaseka. "Kachasu wa m'mamawa ameneyo." Koma njira yonse anayendetsa atawerama kutsogolo, chifuwa chili pachiwongolero, kuti msana usakhudze chotsamira. Sanaime pa Lizulu. Anakhota, ulendo wa kuboma, kwa Mawaya.

Mawaya anali wokonza zamagetsi za galimoto, munthu wonenepa, wa nthabwala, amene dzina lake lenileni ngakhale mkazi wake ankachita kulikumbukira. Anamvetsera madandaulo a Yotamu akutafuna chimanga chootcha.

"Aa, mpando wa mabwana uwu! Musade nkhawa, mulibe mfiti m'menemu. Mayi, bwerani muone, mukauze anzanu kuchigayo."

Anakwera kumpando wakumbuyo, anatsegula zipi kumsana kwa mpando wa dalaivala, n'kukankhira siponji pambali. M'kati munali timatumba tiwiri takuda, kena pamwamba kena pansi, tolumikizidwa ndi timapaipi toonda ngati udzu.

"Mukuona? Ngati chikhodzodzo cha nkhumba chimene tinkapopa tili ana n'kumenya mpira. Pansi pa mpandopa pali kapampu, kochepa ngati chibakera cha khanda. Mukadina batani, magetsi amakadzutsa, iko n'kukoka mpweya, n'kuutumiza m'kapaipi aka mpaka m'thumba. Thumba likatupa limakankha siponji, siponji n'kukankha msana wa bwana. Apa pali valavu, ngati wa njinga, koma womvera magetsi. Ndiye mlonda wake. Akatseka, mpweya sutuluka. Mukadina chakumbuyo amatsegula, thumba n'kuphwa. Basi. Nzeru za ku Japan, kwa anthu odya nsomba zosaphika."

"Ndiye mpweyawo umakhala momwemo mpaka kale?" anafunsa Nachanza.

"Palibe thumba lotero, mayi. Valavu aliyense amadontha, pang'onopang'ono, osamveka. Mukalisiya miyezi mulipeza lafota lokha. Onani lapamwambali, la pamapewa. Lili pepepe. Eni ake sankaligwiritsa ntchito."

"Nanga kapampuko mpweya kamautenga kuti?"

"Momwemuno, m'galimoto. Umene inu mwapuma, iko kamatola."

"Mawindo akakhala otseka?"

"Ndiye kamatola womwewo, mayi, wa munthu amene wakhalapo. Kakautenganso kuti?"

Nachanza anaona m'maso mwake chala chija chili pa kabatani, pakamwa pali yasa, mawindo ali otseka pansi pa mibulugamu. Anayang'ana mwamuna wake, koma Yotamu anali kuyang'ana pansi.

Mawaya anatsegula kabokosi pansi pa chiwongolero, anazula kafyuzi, n'kukaonetsa m'mwamba. "Nayi mfiti yanu. Popanda aka mpando sulandira magetsi. Wafa. Tsopano tingotulutsa mpweya ndi manja." Anapisa dzanja kuti agwire thumba lapansi, ndipo analibweza msanga ngati wagwira mphika.

"Munaiimika padzuwa?"

Yotamu anapukusa mutu. Dzuwa linali lisanaoneke sabata yonse.

"Likutentha," anatero Mawaya, mawu atachepa. "Osati kutentha kwa waya. Kutentha kwa... kwa m'khwapa."

Kafyuzi kanali m'chikhatho cha Mawaya, poyera, aliyense akukaona. Ndiye m'galimoto munamveka, mmmm. Thumba lapansi linakwera pang'ono, ngati mimba ya munthu wogona.

Mawaya anatsika chambuyo. Anaika kafyuzi m'dzanja la Yotamu n'kulifumbatitsa.

"Akulu, ine ndimakonza zamagetsi."

"Ndiye konzatu!"

"Ndati ndimakonza zamagetsi. Itulutseni pano. Musandipatse kanthu. Ndipo mayi," anatembenukira Nachanza, osamuyang'ana m'maso, "zija ndinati mukauze anzanu kuchigayo, musakawauze."

Zipi ija palibe anakumbukira kuitseka.

M'mawa mwake kunagwa mvula yowaza ya chiperoni. Nachanza anamanga chitenje, anafunda china kumutu.

"Ndikupita kwa akulu anga, kwa Nashawa."

Yotamu anali pakhonde, atakhala mopendekeka. "Ukakachite chiyani?"

"Ndikawauze zimene taona."

"Ukapita, mawa pano padzaza madala ndi ndodo zawo, ndipo galimoto yapita. Ukufuna ndizikwera kabaza ngati mnyamata? Anthu andiseke?"

"Bambo, dziyang'aneni. Imirirani mowongoka ndikuoneni."

Anayesa. Nkhope inakwinyika, thukuta linatuluka pachipumi m'chisanu chonsecho, koma phewa lamanzere silinakwere.

"Ndi kathumba chabe," anatero ndi mano olumana. "Kathumba ka mphira. Pita. Ukabwera upeza ndathana nako."

Nachanza anayesa ndi mawu chabe a mwamuna wogonja. Anatsika chigwa, anawoloka kamtsinje, anakwera phiri. Anapeza Nashawa ali pakhonde, atavala zakuda, mutu uli mbee, akusankha nyemba m'lichero. Sanadabwe kumuona.

"Ndimakuyembekeza, mng'ono wanga. Khala. Alamu ako akuvutitsani?"

Nachanza anafotokoza zonse, za nkhuku, za galu, za mkulu wa mipini, za thumba lotentha. Atafika pa kachitini ka mchere, Nashawa anaseka, misozi ikutsika.

"Ndi iwowo. Ngakhale uko sanasiye chipongwe." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Sanafike kuno, mng'ono wanga. Tinakwirira bokosi, koma iwo sanafike. Ine ndimadziwa. Nyumba ya munthu amene wafika kwawo imazizira mwamtundu wina."

"Koma mwambo unachitika, akulu. Ndinamva kuti amalume awo anapita kukawatenga."

"Anapita, inde. Munthu akafera panjira, abale amapita pomwe wafera, kukamuitana ndi dzina lake, kumuuza kuti tiyeni kwathu. Ndipo pa mtsinje uliwonse amamuuza kuti tikuwoloka, kuti asatsalire kutsidya. Amalume anapita pa mibulugamu paja. Anaitana, anatapa dothi, anabwera akulankhula njira yonse. Koma alamu ako aja sanafere padothi. Anafera pampando. Ndipo mpandowo unali utapita kale ndi Yotamu. Amalume ankalankhula ndi mphepo."

Mvula inkawaza pa malata. Nashawa anakankhira lichero pambali.

"Galimoto sindikuifuna. Ndikaiona ndiziona chiyani? Aitenge. Koma ayambe wameta. Akatero aiyendetse, ine ndili m'mbali mwake, ndizilankhula nawo pa mtsinje uliwonse mpaka kumsitu, kumene tinawaika. Kumeneko titsegule zitseko zonse, ndiwaitane, ndiye mpweyawo utuluke, upeze mwini wake ali pafupi. Koma asautulutsire kwina. Wamva? Mpweya wopanda kwawo umalowa pakhomo lililonse limene wapeza lotsegula."

Nachanza anaimirira. Chitenje cha kumutu chinagwa, sanachitole.

"Bwanji?"

"Anati ndikabwera ndipeza athana nako."

Nashawa sanafunsenso. "Thamanga. Ine ndikubwera m'mbuyo."

Anathamanga. Anaterereka pamatope, anadzuka. Kamtsinje anakawoloka osafuna miyala yopondapo. Minga inamung'amba miyendo koma sanaimve. Njira yonse ankalankhula, osadziwa kuti akulankhula ndi yani, alamu dikirani, alamu musatero, ndi mng'ono wanu, ndi wopusa chabe, dikirani.

Atatulukira pabwalo anaona nkhuku zonse zitakwera padenga la khola, masana. Adzatopa anali atakhala pafupi ndi galimoto, mchira ukusesa matope. Zitseko zinali zotseka chifukwa cha mvula, mawindo onse okweza. M'kati, pampando wakumbuyo, Yotamu anali atagwada, nkhope ataiyandikiza pa zipi ija, pakamwa pali potsegula monga achitira munthu wofunafuna chinthu mumdima. M'dzanja anali ndi chisingano chosokera matumba a mbatata, cha a Elifala, chimene chinkakhala m'kabati ya kutsogolo.

Nachanza anamenya galasi ndi manja onse awiri. "Bambo! Musaboole! Akulu avomera, galimoto ndi yanu! Musaboole!"

Anakoka chitseko. Chokhoma. Yotamu anatembenuka, anamuona, ndipo anamwetulira, kumwetulira kwake kwenikweni, kwa mnyamata amene anamufunsira pachitsime. Anamuonetsa chisingano, ngati akuti taona, kanthu kochepa. Ndipo anabaya.

Sipanaphulike kanthu. Panangomveka fyuuu.

Kathumba kaja kanali kosaposa chikhatho. Mpweya wake unayenera kutha munthu asanaphethire kawiri. Koma unkangotuluka, unkangotuluka, ngati mphepo ya mwera yodutsa m'nsungwi. Magalasi anayamba kuyera m'kati, kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mpaka nkhope ya Yotamu inasanduka chithunzithunzi, kenako palibe. Fungo la bulugamu linatulukira m'mphepete mwa zitseko. Nachanza analeka kumenya galasi. Manja anali atatupa.

Kenako zii. Mvula yokha.

Ndipo m'kati mwa chete ameneyo, kamodzi kokha, kofooka, kanamveka kulira kwina. Mmmm.

Loko anadumpha. Chitseko chinatseguka. Phazi linatsika, linafunafuna pansi mosamala, lina n'kutsatira. Munthu amene anatuluka anavala malaya a Yotamu ndi nkhope ya Yotamu. Anaima mopindikira kumanzere, osati mokakamizika ngati m'mawa muja, koma momasuka, monga aimira munthu m'thupi limene wakhalamo zaka zambiri. Dzanja linapita pachiuno. Galu anawalumphira, akulira ndi chimwemwe, ndipo iwo anamusisita kumutu. Anayang'ana nyumba, khola, nkhokwe, ndi maso a mlendo woyamikira pakhomo pa eni.

Khe. Khe.

"Mlamu wa mchere wochepa! Mwanyowa chonchi bwanji? Yotamu wapita kuti?"

Nachanza anabwerera m'mbuyo, maso ali pankhope ya mwamuna wake.

Pamenepo Nashawa anatulukira kumpanda, akupuma mwawefuwefu, nsalu yakuda itamatirira pathupi. Iwo anatembenuka. Nkhope ya Yotamu inachita tsinya limene Yotamu analibe.

"Nashawa, mwameteranji? Wamwalira ndani?"

Nashawa anakhala pansi, pamatope pomwepo. Anakhala nthawi yaitali, akuwayang'ana. Kenako anadzuka, anakonza nsalu yake, n'kuwaitana ndi dzina lawo.

"A Elifala Mlauzi. Tiyeni kwathu."

Anatsogola, iwo n'kutsatira, dzanja pachiuno, galu ali pambuyo. Nachanza anawaona akutsika chigwa. Atafika pakamtsinje, mphepo inabweretsa mawu a Nashawa, ochepa ngati a mbalame. Tikuwoloka. Kutsidyako njira imagawika, ina yopita kumudzi, ina yopita kumsitu. Chifunga chinatseka asanafike pamphambano. Anthu a kuseri kwa phiri ukawafunsa njira imene awiriwo anatenga, amayamba kukamba za mitengo ya feteleza.

Nachanza anatsala yekha ndi galimoto yotsegula chitseko. Anasuzumira. Chisingano chinali pansi. Thumba lapansi linali lofota, lozizira, lobooka. Koma lapamwamba lija, la pamapewa, limene Mawaya anati lili pepepe, linali lotupa. Analikhudza ndi nsonga ya chala. Linali lofunda.

Anazungulira, anatsegula chitseko cha dalaivala, anakhala. Anatsamira pang'onopang'ono. Ndipo pakati pa mapewa ake, pamalo pake penipeni, panafika chikhatho.

Galimoto yotuwa ikadali pakhomo paja. Matayala anaphwa, udzu unamera kuzungulira, nkhuku zinabwerera pansi pake ndipo zimaikira mazira. Obwera kudzaigula amabwezedwa asanakhale pansi. Kabatani kaja Nachanza anakakulunga ndi nsanza n'kumanga ndi luzi, kuti ngakhale chigongono chisakagunde mwangozi. Masana, ntchito ikatha, amalowa, amatseka chitseko, amatsamira.

Mpandowo sunalirenso. A Elifala ankadzipopa okha, poti anali munthu woumirira. Yotamu sanali wotero. Ndipo Mawaya sananame, valavu aliyense amadontha. Chaka chatha chikhathocho chinali chathunthu. Dzinja lapitali zinatsala zala. Masiku ano Nachanza amachita kugwira mpweya wake, n'kukhala duu, kuti amve kena kalikonse.

Ndilo yankho la chilape chija. Ng'ombe yanu ndinakana, ndipo ndikukanabe. Koma mukadzakwera galimoto ya munthu wina, mpando n'kukugwirani bwino kuposa mmene mumayembekezera, tsitsani windo.